Legeni Limene Ndinachotsa pa Paipi ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene magetsi anafika kumbali yathu, kuseri kwa Kasisi, ndipo atate anagula makina opalira matabwa. Sanali atsopano. Anawagula kwa mmisiri wina wa ku Lusaka amene ankasiya ntchito chifukwa cha ukalamba, ndipo anafika nawo pakhomo pa ngolo ya ng'ombe, atawafunditsa bulangete ngati wodwala. Atate anali kalipentala kuyambira ine ndisanabadwe. Zitseko, mabedi, mafelemu a mawindo, zonse ankapala ndi manja, ndipo thabwa limodzi la mtengo wa mukwa linkawadyera theka la tsiku. Makinawo ankamaliza thabwa lomwelo munthu asanamalize kapu ya tiyi. Sindinawaonepo atate akuseka ngati mmene anasekera tsiku limene anawayatsa koyamba.

Malo awo ogwirira ntchito anali chisakasa cha malata chotsamira kukhoma la nyumba yathu. Pamene ankapala ndi manja, zimenezi sizinkavuta aliyense. Makina atabwera, m'nyumba munalowa mlendo wosaitanidwa. Utuchi waukuluwaukulu sunali vuto, amayi ankauyala m'khola la nkhuku. Vuto linali fumbi losalala ngati ufa wosefa, lofiirira, lonunkhira mukwa. Linkalowa pansi pa chitseko ndi m'mipata ya malata. Tinkalipeza m'mbale zotsukatsuka, m'shuga, pa yunifomu yanga ya kusukulu. Ukalemba dzina lako ndi chala pa tebulo m'mawa, pofika madzulo linali litafufutika.

Ine fumbilo linkangondiyetsemulitsa. Koma ndinali ndi mlongo wanga Luka, wa zaka zitatu, amene anabadwa ndi chifuwa chosalimba. Pasanathe mwezi anayamba kutsokomola kosalekeza, ndipo akapuma m'chifuwa mwake munkalira ngati kamwana ka mphaka. Amayi anapita naye ku kiliniki. Anabwerako ndi kabotolo kopopera m'kamwa ndiponso mawu a nesi, amene anawafotokozera atate ali chiimire pakhomo la chisakasa.

“Bashi Moni, ba sisita akuti mwana ali na asima. Akuti fumbi yanu iyi isamufike. Akuti akapitiriza kuipuma tizamutaya.”

Moni ndine. Dzina langa ndi Monika, ndipo makolo anga ankaitanana ndi dzina langa, popeza ndine woyamba kubadwa.

Atate anazimitsa makina, napukuta manja. Anati ku Lusaka kuli zida zokokera fumbi, koma mtengo wake ndi wa anthu a mafakitale. Anapempha amayi kuti awapatse sabata imodzi, ndipo sabata yonseyo sanayatse makina.

Nzeru anakaitenga kuchigayo. Anandiperekeza tsiku lina kukagayitsa, ndipo ine ndili pamzere, iwo anaima nthawi yaitali akuyang'ana chitini chosongoka pansi chimene ufa umazunguliramo usanagwere m'thumba. Anafunsa mwini chigayo mafunso ambiri mpaka munthuyo anayamba kuseka. Pobwerera ankangojambula m'mwamba ndi chala, dzanja lina lili pa handulo ya njinga.

Zida anazitolera pang'onopang'ono. Dilamu la pulasitiki labuluu anawapatsa mnzawo wina woweta ng'ombe za mkaka ku Palabana. Fani ndi mota yake anazipeza kwa munthu wowotcherera zitsulo amene anali ndi chigayo chakufa kuseri kwa nyumba. Mapaipi anali zidutswa zotsala pa nyumba zimene anakaikamo zitseko, ena otuwa, ena akuda, osafanana kukula. Thumba losefera fumbi anasoka amayi, kuchokera ku mathalauzi awiri akale a jini, ndipo anasoka mizere iwiriiwiri kuti lisaphulike.

Mmene zinkagwirira ntchito ndimakumbukirabe, chifukwa atate anandifotokozera katatu konse, monyadira. Paipi yoyamba inkachoka pakamwa pa makina n'kulowa m'dilamu chammbali, kuti mphepo izizungulira m'katimo ndipo utuchi wolemera uzigwera pansi. Fani inali pamwamba pa chivundikiro. Inkakoka mphepo yotsala ndi fumbi losalala lija n'kuikankhira m'paipi yachiwiri, yaitali, imene inkatuluka m'chisakasa, n'kuyenda m'mbali mwa khoma lakuseri kwa nyumba mpaka pa nthochi, pamene thumba la jini linapachikidwa. Mphepo inkatuluka m'nsalumo, fumbi n'kutsalira. Poti mapaipi anali osafanana, polumikizira paliponse atate anakulungapo malegeni, timizere tija todula ku chubu cha tayala la galimoto, timene kwathu timamangira katundu panjinga. Malo olumikiza analipo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Amodzi mwa iwo anali pansi penipeni pa windo la chipinda chimene ine ndi Luka tinkagona.

Atayatsa, thumba lija linafufuma ngati mimba ya mbuzi yokhuta. Atate anapala matabwa anayi motsatizana, kenaka anaitana amayi kuti ayendetse chala pa tebulo. Chala chinabwera choyera. Amayi anawomba m'manja, nati, “Bashi Moni, imwe muli na mutu.” Anthu oyandikana nafe ankabwera kudzaona. Luka anasiya kulira m'chifuwa, anayamba kuthamangitsa nkhuku ngati kale. Miyezi inayi inapita choncho, ndipo atate analandira ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo, yopanga madesiki a sukulu ina yatsopano.

Nthawi imeneyo atsikana tonse a msinkhu wanga tinali titapenga ndi waida. Ndi masewera odumpha: awiri amaima moyang'anizana atakoleka chingwe m'miyendo, wachitatu n'kumadumpha, chingwecho chikukwera kuchoka m'mapazi mpaka m'chiuno. Chingwe chabwino ndi chotamuka. Chathu chinali cha nsanza zolumikiza, chinkaduka kawirikawiri, ndipo mnzanga Beti, amene ankalamulira gulu lathu, ananena kuti amene abweretse legeni lalitali ndiye aziyamba kudumpha tsiku lililonse.

Ine ndinkadziwa pamene panali legeni lalitali. Ndinkaliona m'mawa uliwonse ndikasuzumira pawindo. Atate analidula mozungulira chubu chonse osalidukiza, lakuda bii, latsopano, lokulungidwa kambirimbiri.

Sindinganame kuti sindinkadziwa ntchito yake. Ndinaliganizira masiku atatu. Loweruka lina m'mawa, m'mwezi wotentha uja mvula isanagwe, atate atapita kukatenga misomali ndipo amayi ali kudimba, ndinagwada kuseri kwa nyumba n'kulimasula. Mapaipi awiri aja anakhala olowana, ngakhale ankagwedera. Kuti pasaoneke, ndinatola legeni lakale limene linali litatayidwa pafupi ndi khola, lotuwa ndi dzuwa, long'alukang'aluka, n'kulikulunga pamenepo kawiri. Ndinadziuza kuti ndibweza madzulo. Ndinadziuzanso kuti legeni ndi legeni.

Tsiku limenelo ndinadumpha bwino kuposa masiku onse. Tinkasewera pansi pa mtengo wa mango kwa a Beti, ndipo kuchokera kumeneko ndinamva makina a atate akuyamba kulira dzuwa litapendeka pang'ono. Ndinamva, koma inali nthawi yanga yodumpha. Luka anali atagonekedwa m'chipinda atadya, monga mwa masiku onse, windo lili lotsegula chifukwa cha kutentha. Amayi anali atabwerera kudimba kukathirira.

Chimene chinandibweza kunyumba ndi ludzu chabe. Nditakhota pa nthochi ndinaona thumba la jini lili lende, lopanda mphepo. Kenaka ndinaona paipi itagwa pansi, ndipo inzake ikulavula fumbi m'mwamba, molunjika pawindo lathu, ngati utsi wa moto wolusa.

M'chipindamo simunkaoneka bwino. Kuwala kolowera pawindo kunali kofiirira, kodzaza tinthu touluka. Luka anali atakhala tsonga pamphasa, tsitsi ndi nsidze zitayera. Sankalira. Analibe mpweya wolirira. Mapewa ake ankakwera ndi kutsika, pakhosi pake pankalowa m'kati akamakoka mpweya, ndipo milomo inali itatuwa. Anandiyang'ana ndi maso aakulu, natambasula dzanja limodzi.

Ndinamunyamula n'kuthamangira kuchisakasa. Atate anali atandifulatira, akukankha thabwa, ndipo phokoso la makina linameza kukuwa kwanga. Ndinachita kuwamenya kumsana ndi chibakera. Atatembenuka n'kumuona Luka, nkhope yawo inasintha mwa mtundu umene sindifuna kuuonanso pa munthu aliyense. Anazula waya kukhoma, anandilanda mwanayo, namupopera mankhwala kawiri, katatu. Sizinathandize kwenikweni.

“Thamanga, kaitane amai ako! Uwauze abwere na chitenje!”

Anapita pa njinga, amayi atakhala kumbuyo ndi Luka pachifuwa. Ku kiliniki anamuika chopumira, kenaka anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Anakhalako masiku anayi. Tsiku loyamba, monga amayi anadzatiuzira pambuyo pake, adokotala sanafune kuwalonjeza chilichonse.

Ine ndinatsala pakhomo ndekha madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe. Ndinabwerera kwa a Beti, ndinawauza kuti legeni likufunika kunyumba, ndipo ndinalitenga. Ndikanatha kulibwezera pa paipi. Ndikanatha kulisunga kuti ndiwaonetse atate. M'malo mwake ndinalipinda, ndinapita nalo kuchimbudzi, n'kuliponya m'dzenje. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene ndinachichita ndi mutu wozizira, ndikudziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

M'mawa mwake atate anabwera kudzatenga zovala ndi bulangete zoti apititse kuchipatala. Asanalowe m'nyumba anazungulira kuseri. Ndinawatsatira chapatali. Anagwada pansi pa windo, natola legeni lotuwa lija litaduka pawiri. Analikoka pang'ono, linadukanso m'manja mwawo. Anakhala chogwada nthawi yaitali.

“Ona, Moni,” anatero osandiyang'ana. “Ninamanga na legeni yakale. Yonse yenze yatsopano, koma apa, pa windo ya mwana, ninaika yoola. Nenze kuganiza chani?”

Malo olumikiza anali ambiri, ndipo anawamanga miyezi inayi m'mbuyomo. Sanakayike mpang'ono pomwe kuti wolakwa ndi iwo. Pakamwa panga panali potsegula, mawu anali pafupi. Ndinati, “Kaya, Atate.”

Luka anatuluka m'chipatala ataonda, koma wamoyo. Amayi anamutsitsa pamphasa pakhonde, ndipo asanavule nkomwe nsapato anayamba kulankhula. Amayi sanali munthu wokalipa. Masiku anayi okhala pa benchi akuyang'anira chifuwa cha mwana ndiwo anawatulutsa mawu amene sindinawamvepo.

“Mwana enze kufa kuseri kwa khoma, imwe muli busy na mapulanga. Simunamvere na kukhosomola kwake. Vinthu vanu votola kumarabishi, mwamanga na malegeni monga katundu wa pa njinga, ndiye mwati mwana ali bwino? Sankhani, Bashi Moni. Mashini kapena mwana. Vonse viwiri pa nyumba ino iyayi.”

Atate anaima atagwira chipewa. Ndinkayembekeza kuti adziteteza, kuti anena kuti chida chawo chinagwira ntchito miyezi inayi popanda vuto. Anangoti, “Wakamba zoona, Amake Moni.” Anapita kuchisakasa nakafunditsa makina lona.

Panatsatira masabata atatu amene nyumba yathu inakhala chete. Atate anayesa kupitiriza madesiki ndi pulena ya manja, pansi pa mtengo, kutali ndi nyumba, koma zinali zoonekeratu kuti sangamalize pa nthawi yake. Anapita okha kukauza eni sukulu kuti apatse wina ntchitoyo. Anasiya kudya bwino. Luka akawathamangira kuti amunyamule, ankayamba akutumula malaya awo kambirimbiri, nthawi zina n'kumuuza kuti apite kwa amayi ake. Kamodzi ndinawaona ataima pakhomo la chipinda chathu masana, Luka ali m'tulo, akumvetsera kupuma kwake, osalowa.

Ine ndinasanduka mwana wabwino kwambiri. Ndinkatunga madzi asanandiuze, ndinkasesa bwalo lonse, ndinkamubereka Luka mpaka msana kuwawa. Waida ndinasiya. Amayi ankauza anzawo kuti, “Moni wakula, ndiye anapulumutsa mwana.” Mawu amenewo ankandipweteka kuposa chikoti. Loweruka lina ndinapita kukalapa kutchalitchi, pamodzi ndi ana anzanga a katekisimu. Nditagwada ndinanena kuti ndinatenga kanthu kunyumba osapempha. Bambo mfumu anandifunsa ngati ndinakabweza. Ndinati kanatayika. Anandiuza kuti ndikapepese kwa mwini wake, nandipatsa mapemphero ochepa. Mapempherowo ndinawanena onse, kawiri. Kupepesako ndinati ndichita mawa.

Mawa lililonse linali ndi chifukwa chake. Lero atate atopa. Lero amayi akwiya kale. Lero Luka watsokomola pang'ono, adzati ndine. Pansi pa zifukwa zonsezo panali chimodzi: ndinkaopa kuti maso amene amayi ankawayang'ana nawo atate atembenukira kwa ine. Ndinaona kulemera kwake pa munthu wamkulu, ndipo ndinawasiya atate kuti asenze.

Lachisanu lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza vani yaima pabwalo. Munthu wina wa ku Chongwe, mmisiri wachinyamata amene ankatsegula shopu pafupi ndi msika, anali atagula makina. Atate anamupatsanso dilamu, fani, mapaipi ndi thumba la jini, zonse mwaulere. Anthu anayi ananyamula makinawo n'kuwakweza. Atate anayenda nawo mpaka pa vani, dzanja lili pa chitsulo, ngati munthu woperekeza ng'ombe yake kumsika. Kenaka anayamba kumufotokozera wogulayo mmene angalumikizire mapaipi, ndipo ine ndinali chiimire pafupi, chikwama chili kumsana.

“Iyi system isebenza bwino, mwana wanga, osaitaya. Koma pamajointi osachita ulesi monga ine. Ine ninaika legeni yoola, pang'ono nipaye mwana wanga. Uzicheka sabata iliyonse.”

Munthuyo anagwedeza mutu mwaulemu. Injini inalira. Ndinali ndi nthawi yokwanira kunena mawu anayi okha, ndipo vani ikanazima. Ndinayang'ana fumbi la matayala mpaka linatha pa msewu.

M'mawa mwake ndinawapeza atate m'chisakasa chopanda kanthu, akusesa. Pansi panali mabowo anayi pamene makina anamangidwira. Sindikudziwa chifukwa chake ndinakwanitsa tsiku limenelo nditalephera masiku onse aja. Mwina n'chifukwa chakuti panalibenso choti ndipulumutse, ngakhale ine ndemwe. Ndinagwada pakhomo.

“Atate, ni ine.”

“Ni iwe chani?”

“Ni ine ninachosa legeni pa windo. Yanu yenze yatsopano. Ninatenga ya waida, ninaikapo yakale. Yanu ninataya mu toileti.”

Tsache linaima. Atate anandiyang'ana ngati akuwerenga chinthu cholembedwa patali. Ndinadikira mbama, ndinaifuna ndithu. Iwo anakhala pansi pa chitsa chimene ankadulirapo matabwa, naika tsache pamiyendo.

“Liti?”

“Tsiku lamene Luka anadwala. Kuseni.”

Anawerenga masiku ndi milomo, osatulutsa mawu. Kenaka anati, motsitsa kwambiri, “Dzulo wenze pano, Moni. Wenze apa, pafupi na ine.”

Amayi, amene anamva ali pakhonde, anabwera akuthamanga atathyola kale kanthambi ka mpichesi. Anandikwapula kawiri m'miyendo, kachitatu atate anagwira dzanja lawo.

“Musiye. Legeni anachosa ni mwana. Koma paipi pansi pa windo anaika ni ine, mukulu. Sembe ninaipitisa kwina.”

Amayi anataya kanthambiko. Anaima akupuma mofulumira, akuyang'ana mabowo anayi aja, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti akukumbukira mawu onse amene analankhula pakhonde tsiku lija. Anagwada pambali panga, pa utuchi, nati, “Bashi Moni, munikhululukire. Ninakamba voipa.” Atate anawadzutsa. Amayi anawapempha kuti apite ku Chongwe akatengenso makina, munthuyo mwina amva. Atate anakana. Anati munthu wagula ndi mtima umodzi, walonjeza kale anthu ntchito, sangapite kukamulanda chifukwa cha nkhani za m'nyumba mwathu.

Anapala ndi manja zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinakula ndikuwaona pansi pa mtengo uja, atawerama pa thabwa, thukuta likudontha kunsonga kwa mphuno, phewa lamanja likuyamba kuwavuta chaka ndi chaka. Ntchito zikuluzikulu zinkapita kwa amene anali ndi makina. Ife sitinagone ndi njala, koma ndinkadziwa kusiyana kwa moyo umene tinali nawo ndi umene unayamba kuoneka miyezi inayi ija. Palibe tsiku limene atate anandikumbutsa. Ngakhale pamene ndinalakwa zina, zazikulu ndithu, nkhani ya legeni sinatuluke m'kamwa mwawo. Makina ena anadzagula ine ndili ku koleji ku Chalimbana. Ulendo uno anamanga chisakasa kumapeto kwa munda, anapanganso dilamu ndi fani, ndipo mapaipi anawamata ndi guluu n'kuwamanga ndi zitsulo.

Luka lero ndi bambo wa ana awiri, amayendetsa minibasi, ndipo kabotolo kake amayenda nako m'thumba. Za tsiku lija sakumbukira kanthu. Ndinamuuza ndekha atakula, iye anaseka, nati ndimugulire drinki tikhale takwitana, nkhani ithe. Kwa iye ndi nthano. Kwa ine sinathe msanga choncho.

Chaka chathachi ndinapita kumudzi, ndipo ndinawapeza atate atakhala pakhonde akudzipaka mankhwala paphewa. Ndinawalanda kabotoloko n'kuyamba kuwatikita. Poti sankandiyang'ana, ndinapeza mphamvu yofunsa chimene ndinasunga zaka zonsezi. Ndinawafunsa ngati anandikhululukiradi za makina aja.

Anaseka pang'ono. “Mashini ni chisulo chabe, Moni. Na legeni ninaiwala tsiku lamene lija. Mwana aliyense angatenge legeni.” Ine ndikutikita, iwo anapitiriza. “Chamene chinanibaba ni masabata atatu yaja. Nenze kuuka kuseni na kuganiza kuti ine, na manja yanga, pang'ono nipaye Luka. Nenze kuyopa na kumunyamula. Ndipo iwe wenze kunipatsa madzi yosamba m'manja, uniyang'ana, uziba.”

Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene akuloza chipsera chakale. Kenaka anandiuza kuti nditsikire pang'ono kumunsi, ndi pamene pakupweteka.

Zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kuba, ndipo kuti mtengo wake unali makina. Ndi pakhonde paja pamene ndinamvetsa bwino. Kumasula legeni kunanditengera mphindi zisanu, ndipo ndinali mwana wofuna kudumpha. Koma kukhala chete ndinakusankha m'mawa uliwonse kwa masabata atatu, ndipo tsiku lililonse limene ine ndinapulumuka, atate ndi amene analilipira. Ndinkayesa kuti ndikabisa cholakwa ndiye kuti chili kwa ine ndekha, chikundidya ine ndekha. Sindinkadziwa kuti cholakwa chikasowa mwini wake sichikhala pansi, chimakakwera pamsana pa munthu wina, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene amakukonda kwambiri moti sangakuganizire n'komwe.

Lero ndine mphunzitsi wa ana a msinkhu umene ndinali nawo. Kanthu kakasweka m'kalasi, ndimaona nkhope zawo ndipo ndimamudziwa amene wagwira mawu pakhosi, chifukwa ndinakhalapo pamenepo. Sindimuopseza. Ndimatulutsa ena onse kukasewera, ndimakhala naye pansi, ndipo ndimamuuza kuti anene lero, ngakhale mawu atuluke mokhota. Ndimamuuza kuti ine ndinachedwa ndi tsiku limodzi.